Amalume Anakhoza Mayeso Ofunika Kulephera

Ndaphunzitsa ana pano pa Metangula kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo mwana wobera mayeso ndimamudziwa ngakhale atandifulatira. Ndiye ndikakuuzani kuti Lachiwiri lapitali ine ndemwe ndinalemba kabula, musafulumire kuseka. Mpaka lero mutu wanga sunakhazikike.

Kwa anzathu a kutsidya kwa nyanja amene mumawerenga tsamba lino, kabula ndi kapepala kaja inu mumati likasa, kamene mwana amabisa m'sokosi polowa m'mayeso. Wanga sindinalembere mwana. Ndinalembera amalume anga, a Barnaba, munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri. Ndipo mayesowo sanali a masamu, anali a maso.

Ndiyambe ndi eni akewo. A Barnaba amakhala kumudzi kwathu, panjira yopita ku Nkholongue, ndipo ndi iwo amene amawerenga Mawu m'tchalitchi chathu Lamlungu lililonse. Anayamba ine ndikadali wa kabudula wong'ambika. Ndi iwonso anandiphunzitsa zilembo, pamchenga, ndi kamtengo, amayi anga ali kumunda. Mawu awo ndi aakulu, moti akayamba kuwerenga ngakhale mwana wolira kumbuyo amaleka. Matenda a shuga anawapeza nawo kalekale, koma amayenda okha, amalima chinangwa chawo, ndipo palibe anawaonapo akugunda mtengo.

Lamlungu lathali kunalengezedwa kuti kukubwera anthu a kafukufuku wa maso, ndipo onse a shuga ndi okalamba apite Lachiwiri ku chipinda cha misonkhano cha kuseri kwa tchalitchi. Aliyense anamva zake. Ena anapita kwawo akuti kukubwera magalasi aulere, ena akuti ndi aja amachotsa ng'ala. Ine sindinafunse, chifukwa ndinkayesa kuti sizikundikhudza.

Lachiwiri m'mawa amalume ananditumizira uthenga kuti ndiwaperekeze. Ndinadabwa pang'ono, chifukwa si munthu woperekezedwa, koma ndinasiyira mnzanga kalasi n'kukwera njinga.

Tinapeza anthu ali ndandanda pa mabenchi otulutsidwa m'tchalitchi, atatsamira khoma la chipindacho. Kunkatentha, ndiye zenera linali lotsegula. Mkatimo namwino ankaloza zilembo pa chikwangwani chopachikidwa pakhoma, zazikulu pamwamba, zocheperachepera potsika, ndipo munthu ankawerenga mokweza ataphimba diso limodzi. Osadziwa zilembo anali ndi chikwangwani chawo, iwo ankangoloza ndi zala kumene miyendo ya chilembo yayang'ana.

Tsono anthu akwathu mukuwadziwa kale. Panjapo panasanduka ngati pa bwalo la mpira. Munthu akafika mzere wapansi, m'manja. Akakakamira pa mzere wachiwiri, mumve ndemanga: "Aa, a uje maso anatha kale, n'chifukwa chake dzulo anandipitirira osapereka moni." Wolephera ankatuluka atazolika, osayang'ana munthu.

Amalume anandikoka malaya. Tinapita kuseri, pansi pa mtengo wa mango.

"Mphwanga," anatero, "zilembo zili m'menemo ine sindikaziona."

"Zapansizo ngakhale ine zimandivuta, amalume."

"Sindikunena zapansi. Ine buku ndinasiya kuliona zaka ziwiri zapitazo."

Ndinaseka. Lamlungu lomwelo ndinali nditawamva akuwerenga ndime yaitali, osaphonya ngakhale liwu limodzi.

"Ndikakuyang'ana chonchi," anapitiriza, "ndikuona makutu ako, ndikuona masamba ali kumbuyo kwako, koma pamene pali mphuno ndi maso ako pali utsi. Mzati wa tchalitchi ndimauona wopindika. M'mbali ndimaona, n'chifukwa chake ndimayenda. Pakati ndiye palibe."

Nanga kuwerenga kuja? Anati zowerenga za m'tchalitchi zimabwerabwera ndi nyengo zake, ndipo munthu amene waziwerenga zaka makumi anayi sasowanso pepala. Pamene mutu waiwala, Loweruka amaitana amayi a kwaya n'kuwauza kuti, "Tawerengani apa ndimve ngati mumatha." Amayiwo amawerenga akunjenjemera, iwo ali kalikiliki kuloweza. Pajatu amati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo amalume nyimbo anaidziwadi.

"Tsono taona amene ali pa benchipo," anatero. "Onsewo ndi akhristu anga. Ndikakalephera m'menemo zenera lili chitsegukire, Lamlungu ndikaima bwanji kutsogolo kwawo? Andilanda buku. Iwe ndiwe pulofesoro, mphunzitsi weniweni, lowa ukandilembere zilembozo."

Abale anga, inu mukanatani? Munthu amene anakuphunzitsani zilembo akukupemphani zilembo. Sindinaganize kawiri. Kunena zoona, sindinaganize ngakhale kamodzi.

Namwino uja ndi mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha, dzina lake Luwiza. Ndinalowa ngati wodzapereka moni, ndikumufunsa za makolo ake, maso anga ali pakhoma. Ndinatuluka, ndinalemba, ndinalowanso ngati ndaiwala chipewa, ndinamaliza mizere yapansi. Pansi pa mango ndinawawerengera amalume katatu. Kachinayi ananena okha, kuyambira pamwamba mpaka pansi, ataika zilembozo pa kamvekedwe ka salimo kuti zisawathawe.

Nthawi yawo itakwana, anawerenga ndi diso lamanja mpaka mzere womaliza, ndi lamanzere chimodzimodzi. Panja anaomba m'manja, amayi ena mpaka nthungululu. Ine ndinanyadira, ndisaname.

Kenako anawadontheza mankhwala m'maso kuti kamwana ka diso kakule, n'kuwakhazika kutsogolo kwa makina ojambula mkati mwa diso. Apa ndi pamene ndinakumana ndi adotora, mayi wochepa thupi wolankhula Chipwitikizi chokha, ndipo anandipempha kuti ndizimasulira.

Ndi iwo anandifotokozera chimene anabwerera. Si magalasi, si ng'ala. Anati kuseri kwenikweni kwa diso, mkati, kuli kansalu kopyapyala kamene kamalandira kuwala, iwo amati retina. Pakati pa kansaluko pali kamalo kakang'ono, amati makula, ndipo kamaloko ndi kamene timawerengera, kulowetsera ulusi pa singano ndi kuzindikirira nkhope ya munthu. Shuga ndi ukalamba zimatha kuwononga timitsempha ta pamenepo, timayamba kuchucha, malowo n'kutupa. Diso kunja limaoneka loyera bwinobwino, silipweteka, silifiira. Mankhwala ake alipo, jakisoni wobaya m'diso momwemo, koma amathandiza kamaloko kasanapange chipsera. Iwo akufufuza njira yopezera matendawa msanga kumidzi, ndiponso mmene jakisoniyo angaperekedwere kwa anthu onga ife, amene sitingakwere phiri kupita ku Lichinga mwezi ndi mwezi.

Chithunzi cha amalume chitatuluka, adotora anachiyang'anitsitsa. Ananditembenuzira makinawo kuti ndione. Chinali chozungulira, chofiira ngati mkati mwa papaya wakupsa, chili ndi timadontho tachikasu ndi tamagazi chapakati. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana pepala la Luwiza, anayang'ananso chithunzi.

"Afunseni," anandiuza, "amaona bwino?"

"Bwinobwino," anatero amalume.

"Zinthu zowongoka saziona zopindika?"

"Zonse zowongoka."

Adotora anatembenukira kwa ine. "Inu ndi m'bale wawo. N'zoona?"

Ndinati inde.

Anapukusa mutu. Anati chithunzi chikunena kuti munthuyu sangawerenge, koma pepala likunena kuti akuona kuposa iwo eni. Kafukufuku ali ndi malamulo ake. Jakisoni ndi wa amene kuona kwawo kwatsika, ndipo amene akuonabe bwino amangowalemba kuti adzawaonenso chaka chamawa, chifukwa munthu sungamubaye m'diso limene likuwerenga mzere womaliza. Ndiye analemba dzina la amalume pa mndandanda wa chaka chamawa. Atatero anayamba kupukuta galasi la makina awo, akudandaula kuti mwina fumbi ndi mabampu a msewu wa ku Maniamba zawawonongera chida.

Pamenepo ndi pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndi kukhoza kuja, amalume anali atadzichotsa okha pa mndandanda wa mankhwala, ndipo cholembera chinali changa. Ndinatsegula pakamwa, ndinayang'ana zenera, ndinatsekanso.

Pobwerera dzuwa linkawathobwa chifukwa cha mankhwala aja, ndiye ndinawagwira mkono. Iwo anali osangalala. "Waona? Takhoza," anatero. Amati chifundo chinapha nkhwali, koma nkhwaliyo inafa yokha ndi chifundo chake. Changa chinali pa njira yokapha diso la munthu wina.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndi mafunso amene sindikuwapezera mutu wake.

Kodi unayamba liti mwambo wakuti chilichonse chotchedwa mayeso chiyenera kukhozedwa? Ife aphunzitsi tisabisale, mbewuyi tinafesa ndife. Mwana wolephera timamuimika kutsogolo, anzake amamuseka, ndipo amakula akudziwa kuti munthu wa pepala ndi cholembera akakufunsa funso, yankho labwino ndi limene limusangalatse. Akakula n'kupita kuchipatala amanyamula mtima womwewo. Tsiku loyezetsa shuga likayandikira, amasiya tiyi masiku awiri kuti makina anene zabwino, akangotuluka n'kubwezera masupuni onse amene anawasowa. Mapilisi amene anawaiwala mwezi wonse amawakumbukira m'mawa wa tsiku lokaonana ndi dokotala. Kodi tikufuna kunamiza ndani?

Ngakhale moni wathu ndi wotero. Munthu ali pa machira, mukamufunsa kuti ali bwanji, akuyankhani kuti ali bwino, kaya inu. Akavomera kwambiri ndiye amati pang'ono. Moni woterewu ndi wokoma pa njira, ndipo ine sindikufuna kuti uthe. Koma timalowa nawo mpaka m'chipinda cha dokotala, osauvula pakhomo.

Ndisaunjike zonse pa anthu akwathu, chifukwa kafukufukuyu nayenso wandizunguza mutu. Kodi ndi chipatala kapena ndi sukulu? Kuchipatala timapita kuti atithandize. Ku kafukufuku akuti ndife tikuwathandiza iwo kudziwa, iwonso akutithandiza, koma osati aliyense, ndipo osati mofanana. Tsiku lomwe lija, ndisanatuluke, ndinafunsa adotora kuti amene alowa amalandira chiyani. Anati onse amalandira jakisoni, koma ena pafupipafupi, ena motalikirana, ndipo wosankha si iwo, ndi maere a pa kompyuta. Ndinafunsa kuti njira yabwino pa ziwirizo ndi iti. Anati akanadziwa sakanabwera.

Yankho limeneli ndalitembenuza mbali zonse. Nthawi zina limandikwiyitsa. Dokotala wachoka kutali, ndi galimoto, ndi makina, kudzatiuza kuti sakudziwa? Ngakhale sing'anga wa pa msika sananenepo mawu amenewo. Nthawi zina ndimaona kuti mayiyu ndi amene ananena zoona yekha m'chipinda monse muja. Kenako ndimadzifunsanso kuti ngati zili choncho, munthu wamba wa shuga adziwa bwanji kuti lero wabwera kudzachiritsidwa kapena kudzaphunziridwa? Sindinafike pamapeto pake, ndipo wina akandifunsa m'kalasi ndingomuuza kuti atsegule tsamba lina.

Chodabwitsa china n'chakuti ine ndinkayembekeza mantha ena. Ndinkati anthu aziopa kuti chithunzi cha diso lawo chikupita kuti, kapena aziopa singano. Ayi ndithu. Singano anaimva n'kungoti kaya. Chimene ankaopa kwenikweni ndi benchi ya panja ija, anthu amene amapemphera nawo ndi kugawana nawo usipa.

Ndiye taganizirani. Munthu wabwera kudzafuna choonadi cha maso athu, kuti mawa wa shuga wa ku Cobue asadzachite khungu, ife tamulandira ndi bodza loyera bwino, lochapidwa ndi ulemu. Akanapita nalo pepala lija, akanakalemba kuti anthu a m'mbali mwa nyanja maso awo ali bwino, thandizo lipite kwina. Ndiye patapita zaka tikanayamba kudandaula kuti boma latiiwala.

Komanso bwanji zenera lotsegula? Bwanji sanaime munthu pakhomo n'kunena m'chinenero chathu kuti kuno wolephera sachita manyazi, ndiye amene tabwerera? Ndinadzamva pambuyo pake kuti Luwiza ananena zimenezi m'mawa, anthu asanachuluke. Ndikukhulupirira kuti ananenadi. Koma mawu a kamodzi angalimbane ndi manyazi amene munthu wawasenza kuyambira ali mwana?

Lachitatu masana Luwiza anandipeza kusukulu. Anadikira kuti ana atuluke, kenako anaika kapepala pa tebulo langa.

"Apulofesoro, dzanja ili ndimalidziwa. Ndinalikopera pa bolodi zaka zitatu."

Anali kabula wanga. Amalume atamaliza kuloweza sanamutaye, anapatsa anzawo a pa benchi, pajatu kwathu kuno chokoma sadya munthu mmodzi. Kapepalako kanayenda benchi yonse, woona akunong'oneza wosaona. Akuluakulu angapo anawerenga mpaka pansi, kuphatikizapo bambo wina amene anabwera mkazi wake atamugwirira ndodo.

"Adotora anatsala pang'ono kubweza makina, amati awonongeka," anatero Luwiza. "Kapepalaka ndakatola pansi pa benchi lero m'mawa, ndawaonetsa. Akuti onse a tsiku lija abwerenso mawa kinta, ndiye kuti Lachinayi, tisintha zilembo. Sesta, Lachisanu, tikupita ku Cobue, ndipo amene sabwera mawa watsala."

"Dzina langa wawauza?"

"Sindinawauze. Koma a Barnaba mukawatenge ndinu. Adotora akuti ngati chithunzi chija chikunena zoona, diso lamanja silingadikire chaka."

Ndapatsapo ana ziro chifukwa cha kapepala kochepa kuposa aka. Luwiza sanandipatse chilichonse. Anangonditsazika mwaulemu n'kutuluka, ndipo zimenezo zinandipweteka koposa.

Nditaweruka ndinapalasa njinga kupita kumudzi. Ndinawapeza amalume pakhonde akusenda chinangwa choti avike, pamodzi ndi akazi awo, amayi Sesiliya. Ndinafotokoza zonse, osazungulira.

"Sindibwerera," anatero. "Munthu wokhoza sabwereza kalasi."

"Amalume, simunakhoze. Tinaba."

"Unaba ndiwe. Ine ndinangoloweza."

"Akuti diso lamanja likhoza kupulumuka mukayamba jakisoni tsopano. Mukadikira chaka, utsi uja utseka ndi lomwelo."

"Ndiye ndikalowe, ndikanene kuti sindikuona, mudzi wonse ukumva? Iwe sukudziwa, mphwanga. Ukonde ndinasiya, bwato ndinapatsa ana. Chimene chatsala choti anthu azinditchulira ndi buku lija. Akandilanda ndidzakhala ndani, wosenda chinangwa?"

Amayi Sesiliya sanadzutse mutu. "Wosenda chinangwa amadya," anatero. "Ine ndatopa ndi kukunong'onezani dzina la munthu aliyense wobwera pa njira. Mawa mupita, apo ayi ndikanena ndine m'tchalitchi."

Amalume anamaliza kusenda chinangwa china chonse. Kenako anandifunsa kuti amayamba ora yanji.

Lachinayi mabenchi anadzazanso, ena odzabwereza, ena odzangoonerera. Nkhani ya kapepala inali itawanda kale, ndipo anthu ankandipatsa moni wautali kuposa masiku onse. Luwiza anatseka zenera. Koma zenera la matabwa limatseka chiyani? Anthu anangosiya kulankhula kuti amve bwino.

Zilembo zinali zatsopano. Ndi diso lamanja amalume anatchula mzere woyamba, wachiwiri anautchula atapendeketsa mutu, kenako anaima. "Basi," anatero. Pa lamanzere, Luwiza analoza chilembo cha pamwamba, chachikulu ngati chikhatho. Tinadikira. Mawu aja amene amadzaza tchalitchi anatuluka aang'ono.

"Sindikuona kanthu, mwanangu."

Adotora sanakalipe. Anaika chithunzi pafupi ndi pepala latsopano n'kupuma kwambiri, chifukwa tsopano ziwirizo zinagwirizana. Kenako anandiuza zoti ndimasulire, ndipo ndinalakalaka akanapeza womasulira wina. Diso lamanzere lapanga kale chipsera pakati, jakisoni sangalibweze. Likanapezeka pamene utsi unkayamba, mwina likanapulumuka. Lamanja ayesa kuligwira pamene lafikapa, koma sakulonjeza kuti adzawerenganso buku.

Ndinawawerengera amalume chikalata chovomereza kulowa m'kafukufuku, tsamba ndi tsamba, ndikutembenuza Chipwitikizi. Nditafika pa nkhani ya maere anandiimitsa.

"Ndiye diso langa alichitira maere?"

"Maere ndi a masiku a jakisoni, amalume. Mankhwala mulandira kulikonse kumene mugwere. Ndipo akuti mukafuna kusiya mukhoza kusiya, thandizo la kuchipatala silikuthawani."

"Iwe ukumvetsa?"

"Pang'ono."

"Inenso pang'ono pomwepo. Bweretsa cholembera."

Mzere wosainira sanaupeze, mpaka Luwiza anaika chala chake pamenepo kuti alondole.

Titatuluka, tinapeza anthu onse akadali pa mabenchi. Amalume anaima pakhomo n'kuvula chipewa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kuulula pamaso pa akhristu awo. Asanayambe, amayi Monika, wamkulu wa amayi a m'tchalitchi, anaimirira.

"A Barnaba, musavutike. Ife tinadziwa kalekale."

"Munadziwa chiyani?"

"Kuti simuona. Chaka chonse chatha simunatembenuze tsamba. Pa Pasaka buku munaligwira chadodolido, ife tikuyankha amen."

Amalume anapendeketsa mutu kufuna nkhope ya amayiwo. "Nanga bwanji simunandiuze?"

"Tikanayambira pati? Ndinu akulu. Tinati tisawachititse manyazi."

Pa mabenchi mitu inagwedezeka, onse akuvomereza. Wosunga mabuku a tchalitchi anati iye ankadziwa, n'chifukwa chake ankasesa njira ya ku gome lowerengera n'kuchotsamo mipando. Wina anati ankawapatsa moni akadali patali, n'kudzitchula dzina, kuti asawavutitse. Aliyense anali ndi kachifundo kake kamene ankachita mwakachetechete. Ndipo ine, ndikafufuza bwino mumtima, ndikukumbukira Lamlungu lina pamene ndinaona chala chawo chikuyenda m'mphepete mwa tsamba mopanda zilembo. Ndinayang'ana kumbali, ndipo pofika masana ndinali nditadziiwalitsa.

Buku sanawalande. Palibe ngakhale mmodzi amene anaganizapo zowalanda.

Apa ndiye ndasokonezeka kotheratu. Iwo anabisa poopa ife, ife tinabisa polemekeza iwo, ndipo m'zaka ziwiri zimenezo diso lamanzere linafa mudzi wonse ukuona. Palibe anachita chipongwe, palibe anali ndi mtima woipa. Ndikafuna munthu woti ndimuloze chala ndikupeza anthu abwino okhaokha, ndipo ndikumva chisoni chimene sindikudziwa kuti ndikachitule pa khomo la yani.

Lolemba tikwera shapa, kaminibasi ka ku Lichinga, kukabayitsa jakisoni woyamba. Amayi Monika alonjeza nkhuku ya kamba wa panjira, ndipo ndikudziwa kuti aipereka ndi mtima wonse.

Koma inu amene mukuwerenga, mwina m'nyumba mwanu muli munthu wamkulu amene mwamuona akupendeketsa mutu pofuna nkhope yanu, kapena akupapasa mchere uli pamaso pake, inu n'kungomusunthira pafupi osanena kanthu chifukwa mumamulemekeza. Amalume anga ulemu wathu wawadyera diso limodzi. Wanuyo mukufuna umudyere angati musanatsegule pakamwa?